Zimene Nkhumba Zinadya Lolemba

Coventry, ku Mangalande
3 Juni 1991

Okondedwa achimwene a Elson,

Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi Amayi, pamodzi ndi ana a eni amene mukuwazunza ndi masamu ku Limbuli kuko. Ine ndili bwino. Akuti kuno ndi nyengo yotentha. Azungu agona pakapinga atavula malaya, ine ndavala majuzi awiri.

Mwandifunsa kachitatu kuti ndikuphunzira chiyani kwenikweni, poti Amayi akusowa chowayankha anzawo. Musaseke. Ndinakwera ndege n'kuwoloka nyanja kudzaphunzira nsatsi. Nsatsi zomwe zija za kuseri kwa bafa, zimene Amayi amayenga mafuta.

M'mafutamo mulibe choipa. Koma m'njere yaiwisi muli chiphe, kuno amachitcha risini, ndipo ntchito yanga ndi kutsata mapazi ake. Thupi la nyama kapena la munthu linamangidwa ndi maselo, tizipinda tosaoneka ndi maso. Selo imodzi muziyiona ngati esiteti ya tiyi kumene ankagwira ntchito malemu Abambo: pali mpanda, geti, shedi yolongedzera katundu, ndi fakitale. Chiphechi ndi anthu awiri omangidwa chingwe chimodzi. Woyamba ndi waulemu. Akafika pampanda amagwira chanza tishuga timene tili kunja kwa selo. Selo imayesa kwabwera katundu, imapinda khungu lake, n'kuwameza onse awiri m'kathumba. Geti sathyola, mlonda amachita kuwalandira yekha. Wachiwiri sayankhula kanthu, wangonyamula chikwanje. Kumene kathumbako kamalowera kakadutsa pageti ndilo funso limene landisunga kuno zaka zitatu.

Auzeni Amayi kuti zimene iwo amasinja mumtondo ife timazigwira titavala magolovesi. Kodi chifuwa chawo chinatha? Ndilembereni nkhani, ngakhale za maliro, kuno ndikumva njala ya miseche.

Mchemwali wanu,
Lily


Limbuli
14 Julayi 1991

Achemwali a Lily,

Moni. Matupi ali bwino, chifuwa cha Amayi chinatha. Zina zonse sizili bwino. Munapempha nkhani, nayi.

Kalata yanu inafika, ndipo ikanasochera ku Joni bwenzi tili pamtendere. Amayi inawakomera kwambiri moti anaitenga ku Mvano kuti amayi anzawo amve kuti mwana wawo akuphunzitsa azungu nsatsi. Mlembi wa Mvano chaka chino ndi Mai Rosie, akazi a Morris. Iwo ndi amene anawerenga, ndipo akuti mawu oti chiphe ankawatchula momveka bwino kuposa ena onse.

A Morris mukuwakumbuka, aja ankagulitsa usipa pasiteji. Pano ndi tcheyamani wa chipani panthambi yathu, ali ndi mimba, nkhumba, ndi makina opukusa pamanja ofinyira mafuta a mpendadzuwa. Mwezi uno ayamba kugulanso nsatsi, akuti mafuta a mumphika ngati a Amayi ndi achikale.

Lachitatu lapitali m'mawa Amayi anapita kwa a Morris kukagula khadi la chipani. Potuluka anadutsa pakhola, n'kunena kuti, "Koma zanenepa nkhumbazi." Mawu okhawo. Madzulo ake nkhumba zinayamba kusanza ndi kutsekula m'mimba magazi. Pofika Lachinayi zinayi zinali zitafa. Yatsala imodzi, yaikazi.

Masamu a a Morris ndi osavuta, ngakhale ana anga a Sitandade 3 angawathe. Mayi amayenga nsatsi, mwana wake amaphunzira chiphe cha nsatsi, mayiyo anaima pakhola m'mawa, nkhumba zinadwala madzulo. Anyamata a Yufi, achinyamata a chipani aja, anabwera kudzatenga kalata yanu ija ngati umboni, ndipo anatenganso mapapaya awiri, kaya nawonso ndi umboni.

Mlandu uli kukhoti la makolo pa 8 Ogasiti. A Morris sakufuna nkhumba zina. Akufuna Amayi achoke pamalo pano, akuti munthu wothira chiphe abwerere ku Mozambique kumene kunachokera agogo ake. Aiwala kuti agogo awo ndi agogo athu anawoloka mtsinje wa Muloza tsiku limodzi, atagwirana mikono. Inu mukudziwa kuti malo athu ali m'mphepete mwa msewu, ndipo a Morris akhala akuwaloza ndi ndodo kuyambira kale kuti pangakhale bwino chigayo.

Amayi akudya pang'ono. Kumsika palibe akugula mafuta awo. Dzulo ndinawapeza ataima pamanda a agogo, sanali kulira, ankangozula udzu.

Chonde musalembenso za nsatsi. Lembani za nyengo.

Elson


Coventry
16 Julayi 1991

Achimwene aulesi,

Moni kwa inu ndi Amayi. Masabata asanu ndi limodzi osandiyankha. Kodi choko chakudyani zala? Ndakukhululukirani chifukwa lero ndili ndi chimwemwe, ndipo mufune musafune mumva za nsatsi.

Ndakagwira kathumba kaja. Munali mutamva kuti selo imameza chiphe pageti. Tsono tithumba tambiri timatayidwa kudzala la selo, tina timabwezedwa panja. Koma tochepa timafika kushedi yolongedzera, kumene katundu wotuluka amaikidwa zizindikiro. Ndinathira m'maselo anga mankhwala ena ochokera ku nkhungu, amene amagwetsa shedi imeneyo. Kenako ndinathira chiphe. Achimwene, maselo sanafe. Ndinabwereza kasanu ndi kawiri, sanafe. Shedi ikagwa chiphe chimasowa njira. Ndiye kuti pamenepo ndi pamene chimadutsa. Mkulu wathu pano, munthu amene sanasekepo chibadwire, anandigulira tiyi.

Kuchokera pashedi tikuganiza kuti awiri aja amayenda chobwerera, kupisana ndi katundu wotuluka, mpaka kufakitale. Kumeneko chingwe chimamasuka. Wachikwanje uja amazemba pakhoma n'kuyamba kudula makina opangira mapuloteni, chakudya ndi njerwa za selo. Makina amodzi, kudula kamodzi, n'kupita pa ena. Iye yekha amatha kuwononga oposa chikwi pamphindi imodzi.

Chimene chimandisangalatsa ndi kuleza mtima kwake. Ulendo wonsewu umatenga maola. Ndipo ngakhale makina ataima, selo siifa pompo, imayamba yadya zimene inasunga. N'chifukwa chake nyama yodya nsatsi zaziwisi imatha kuyenda ndi kugwedeza mchira tsiku lathunthu, mwina awiri, ili yakufa kale m'kati. Tsiku limene nyama yagwa si tsiku limene inadya.

Awerengereni Amayi, ndipo ngati afuna akaionetsenso kwa anzawo.

Lily


Limbuli
28 Julayi 1991

Achemwali,

Moni. Ndikuona kuti makalata athu anapisana panjira, chifukwa palibe munthu wanzeru zake angayankhe kalata yanga ija ndi masamba atatu a chiphe n'kuwonjezera kuti tikaonetse anzathu. Nditangoona mawu oti nsatsi ndinaipinda kuti ndiiponye pamoto. Amayi anandigwira dzanja. Anati mwana wawo sanalembe kalata yophikira madzi.

Ndinawerenga titatseka chitseko ngati tikugawana nyama yakuba. Za shedi ndi fakitale ankangogwedeza mutu. Nditafika pamapeto anati, "Bwereza pamenepo." Ndinabwereza. Anawerenga zala chobwerera kuchokera Lachitatu, n'kuima pa Lolemba.

"Ine Lolemba ndinali kuti?"

Ndinati munali kuchipatala cha Mission, tsiku lonse, ndipo munagona konko.

"Nanga nkhumbazo Lolemba zinadya chiyani?"

Ndinati sindine nkhumba.

M'mawa mwake Amayi anakakumana pachitsime ndi a Yakobo, alamu awo a Morris, amene amadyetsa nkhumbazo ndi kupukusa makina. Anangowafunsa kuti, "Achimwene, makina aja mumasonkhapo moto?" A Yakobo anasiya ndowa pomwepo n'kunena kuti aiwala kena kake kunyumba. Ndowayo ikadali kwathu.

Kuyambira tsiku limenelo Amayi ayambanso kudya, ndipo mpaka kupempha zowonjezera. Andiuza kuti kukhoti ndinyamule kalata yanu yachiwiriyi koma ndisatsegule pakamwa mpaka atandiuza. Ine ndili ndi mantha, achemwali. Kukhoti la makolo kulibe loya, ndipo wotsutsana naye ndi munthu amene amatisainira makhadi. Ndayamba kufunsa mwakachetechete za kanyumba ku Chitakale, mwina zikavuta. Amayi sindinawauze.

Elson


Coventry
31 Julayi 1991

Achimwene,

Kalata yanu ya pa 14 yafika lero. Ndawerenga nditaimirira. Ndine amene ndawaika Amayi pamavutowa, ndipo kalata yachiwiri ija muiotche.

Funsani chimene nkhumba zinadya masiku awiri zisanadwale. Ngati munali nsatsi, funsani ngati zinapita pamoto, chifukwa kuwiritsa kumapha chiphechi. Ndathamangira kwa mkulu wathu ndipo walemba kalata yachingerezi yofotokoza zonsezi, yokhala ndi chidindo cha yunivesite. Ili m'envelopu momwemu. Muipereke kwa oweruza. Mulungu aithamangitse ndege.

Auzeni Amayi kuti ndikupepesa.

Lily


Limbuli
13 Ogasiti 1991

Achemwali a Lily,

Moni wochuluka. Kalata ya akulu anu ndi chidindo chake yafika dzulo, patapita masiku anayi mlandu utatha. Pepala lake ndi labwino kwambiri. Khalani pansi ndikuuzeni.

Anthu anadzaza khoti mpaka m'mawindo. A Morris anabwera atavala suti ndi baji, Mai Rosie atanyamula kalata yanu yoyamba m'Baibulo. Kalaliki anaiwerenga yonse, ngakhale za azungu ogona pakapinga. A Morris anayankhula ola lathunthu za chitukuko, za mtendere ndi bata, ndi za adani obisala m'midzi. Nkhumba anazitchula kumapeto.

Wapampando wa khoti, mkulu wa imvi amene ambirife timayesa ali mtulo, anafunsa ngati Mai Anesi ali ndi mawu. Amayi anagwada, n'kuomba m'manja, n'kunena kuti iwo ndi munthu wosaphunzira, akungopempha a Tcheyamani awathandize kumvetsa za makina aja, poti mudzi wonse ukuwatama.

Mukanawaona a Morris. Anakonza tayi.

"Makina amenewo, mayi, ndi chitukuko. Inu mumakazinga, mumasinja, mumawiritsa tsiku lonse, utsi m'maso, kuti mupeze kabotolo kamodzi. Ine ndimangothira njere n'kupukusa."

"Popanda moto, bambo?"

"Ngakhale machesi."

"Koma ndiye zodabwitsa. Nanga zotsalira mukafinya mumataya kuti?"

"Kutaya? Kutaya ndi umbuli. Zotsalira za mpendadzuwa ndi zimene zinanenepetsa nkhumba zija munazisirira inu. Timasakaniza ndi madeya."

"Za nsatsinso?"

"Mafuta ndi mafuta, zotsalira ndi zotsalira. Tinafinya matumba awiri tsiku loyamba lomwe, palibe chinatayika."

"Linali tsiku lanji, bambo? Mutu wangawu suugwira masiku."

"Lolemba, titangotha zikondwerero za ufulu."

M'khoti munali amayi achikulire ambiri, ndipo ndinamva onse akupuma mpweya nthawi imodzi. Aliyense amene anayengapo nsatsi amadziwa kuti zosinja zaziwisi siziikidwa pofika mbuzi. Amadziwa osauzidwa chifukwa chake. A Morris okha, amene anakulira pasiteji, ndi amene sankadziwa.

Anazindikira kuti aponda pofewa, ndipo anakweza mawu. Anati Lachiwiri nkhumba zinali bwinobwino, zinkadya ndi kulimbana, zinadwala mayiyu ataimapo Lachitatu. Pamenepo Amayi anandikodola. Ndinaimirira n'kuwerenga kalata yanu yachiwiri, ija munati tiotche. Geti, shedi, fakitale. Theka la anthuwo anagwirapo ntchito kuesiteti, ndiye anaimva kuposa momwe ndinaimvera ine. Bambo wina kumbuyo anati, "Mlonda ameneyo achotsedwe ntchito," mpaka mesenjala anachita kuletsa phokoso.

Wapampando anatsegula diso limodzi. Anati kalatayo ndi yokoma, koma analemba ndi mwana wa woimbidwa mlandu, ndipo khoti silingakwere ndege kukaona timaselo. Ndinayamba kuona kanyumba ka ku Chitakale.

Amayi anaombanso m'manja.

"Zoona, bambo, pepala si mboni. Koma nkhumba imodzi yatsala, ndipo ndamva kuti zotsalira za nsatsi zikadalipo thumba lathunthu. Ine munditsekere kwa abusa masiku atatu, a Yufi andilondere pakhomo, ndisaone khola ngakhale ndi diso. A Tcheyamani aipatse nkhumbayo chakudya chawo cha chitukuko, pamaso pa mesenjala wanu. Ikafika Lamulungu ili moyo, ine ndinyamula mphika wanga ndiwoloke Muloza. Malowo atenge."

Ine ndinafuna kukomoka, chifukwa anaika nyumba yathu pamsana pa nkhumba.

Wapampando anati, "A Morris, mwamva. Kukhoti kuno sitinalandirepo pempho lophweka chotere. Mesenjala ali ndi njinga."

A Morris anayang'ana akazi awo. Akazi awo anayang'ana Baibulo.

"Nkhumba imeneyo ili ndi bere," anatero a Morris.

"Tsono bere limadana ndi chitukuko?"

"Ndi ya mtundu, bambo. Ndinakaigula kutali."

"Ndiye idye bwino. Kapena chakudyacho chili ndi vuto?"

Amene anayankha ndi a Yakobo, kuchokera pawindo, osaitanidwa. Anati nkhumbayo inapulumuka chifukwa sabata imeneyo inali kukhola la anthu ena, kumene inapita kukakweredwa. Anati iwo anawauza alamu awo kuti nsatsi si mpendadzuwa, ndipo anayankhidwa kuti munthu wopukusa makina asamaphunzitse mwini makina. Anapemphanso, ngati khoti lingalole, kuti Mai Anesi awabwezere ndowa yawo.

Chigamulo sichinatenge mphindi zisanu. Amayi alibe mlandu. Malo ndi awo, ndi a ana awo aakazi pambuyo pawo, ndiye kuti ndi anu, ndipo kalaliki analemba m'buku. Thumba la zotsalira likwiriridwe mozama. A Morris anauzidwa apepese pomwepo. Anapepesa akuyang'ana denga, koma tonse tinamva.

Amayi a Mvano anawaperekeza Amayi ndi nyimbo kuyambira pakhoti mpaka pakhomo, kudutsa dala pamsika. Ine ndinkayenda pambuyo nditanyamula kalata yanu ngati ndanyamula mbendera. Munthu wina anandifunsa ngati mungamuthandize kudziwa chimene chinapha nkhuku zake mu 1987. Ndamuuza kuti muli otanganidwa.

Mchimwene wanu,
Elson


Limbuli
25 Ogasiti 1991

Mwana wanga Lily,

Moseliwa, wadzuka bwanji? Ndine mayi ako. Elson akungogwira cholembera, ndipo ndamuuza kuti akawonjezera zake ndidziwa.

Ndamva kuti ukupepesa. Leka zimenezo. Kalata ku Mvano ndinaitenga ndine, ndi miyendo yanga, chifukwa cha matama. Ndipo ukalemba ina ndidzaitenganso.

Ine nsatsi ndazisinja zaka makumi anayi. Ndinkadziwa kuti zaziwisi zimapha mbuzi, amayi anga anandiuza, iwonso anauzidwa. Koma zoti chiphe chimayenda ulendo m'thupi, chimagona panjira, n'kudzafika mkucha, zimenezo ndamva kwa iwe. Ndikanapanda kumva bwenzi ndikulumbira za Lachitatu mpaka kundithamangitsa. Usafulumire kubwera. Tsata anthu awiri ajawo mpaka uone khomo limene amatulukira wachikwanje, usangoti tikuganiza.

Elson akuti ndinachita zoopsa kuika malo pa nkhumba. Mwanayu sadziwa amuna. Munthu angathe kunamiza khoti, koma sanganamize nkhumba yake yomaliza.

Mafuta ayambanso kuyenda. Ena akugula mabotolo awiriawiri, amene ankandizemba panjira mwezi wathawu, ndipo ine ndikuwapatsa moni yemwe uja. Mbewu ya nandolo ndasunga, mvula ikagwa ndidzala mpaka m'mphepete mwa msewu.

Dzana kunabwera mlendo. Mai Rosie, atasenza dengu la nsatsi. Anakhala pakhonde nthawi yaitali akukamba za chisanu. Kenako anati amuna awo anagula nsatsi matumba asanu ndi atatu, makina sakufunanso kuwaona, ndipo njere zikuwonongeka. Anafunsa ngati ndingawaonetse kayengedwe ka mumphika.

Ndawauza abwere Lachisanu m'mawa. Mtondo ulipo, mphika ulipo. Nkhuni abwere ndi zawo.

Ndine mayi ako,
Anesi